Mwendo wa Bambo a Mkwatibwi

A Lackson Nakoma anatsika pa kabaza Lachinayi dzuwa litapendeka, pamlatho wa matabwa pomwe msewu wochokera ku Milonde umathera. Kuchokera pamenepo munthu amayenda wapansi, kutsata ngalande. Ngalandeyo anaikumba a esiteti kalekale kuti izitenga madzi mumtsinje wotsika m'phiri n'kukathira m'damu lothirira tiyi, ndipo mudzi wa kwa Namuthu unangomera m'mbali mwake monga nthochi zimamerera pachinyontho. Damulo ana a m'mudzimo amalitcha nyanja, poti ina sanaionepo.

Anakoleka chikwama paphewa mosamala chifukwa munali suti. Loweruka mwana wawo Janeti amamanga ukwati woyera ndi mnyamata wina dzina lake Ronald, ndipo iwo anabwerera chinthu chimodzi chokha: kumugwira mkono pakhomo la tchalitchi, kuyenda naye mpaka kuguwa, ndi kuyankha abusa akafunsa kuti akupereka mwanayu ndani. Janetiyo ananena yekha pa foni mwezi wa Disembala kuti, "Mudzandilowetsa ndinu, ababa." Kuyambira tsiku limenelo a Lackson ankayeserera kayendedwe kake kuseri kwa nyumba ya mlongo wawo ku Nkando, pang'onopang'ono, phazi limodzi kudikira linzake, nkhuku zikuwayang'ana.

Nyumba inali pomwe anaisiya, ya njerwa zootcha, khonde loyang'ana kudamu. Koma tsopano inali itapakidwa utoto wobiriwira, ndipo pakhoma panali zilembo zikuluzikulu: CHISOMO RESTHOUSE. Pansi pake panali tizilembo tina: Madzi otentha alipo. Pakhondepo panakhala mayi wina wojintcha, wa mpango wofiira, akusankha nandolo palichero.

"Odi kuno."

"Odini, bambo. Malo?"

"Malo."

"Mwachita mwayi, chipinda chatsala chimodzi. Mawa kuno kukhala kosowa popondera, kuli ukwati Loweruka. Inunso mwabwerera womwewo?"

"Eya."

"A kuchimuna?"

A Lackson anasamutsira chikwama phewa linalo. "Kuchikazi."

Mayiyo anaseka mpaka nandolo kudumpha palichero. "Aaa! A kuchikazi agone ku resiti? Mwayambana nawo chiyani? Basi, si zanga. Ine ndine Rosie, wa ku Muloza, ndili ndi chaka chimodzi pano. Tiyeni ndikuonetseni."

Anawatsogolera mkati. Pabalaza panali patadulidwa pakati ndi matabwa opyapyala kuti pakhale zipinda ziwiri, ndipo chitseko chilichonse chinali ndi nambala yake ya utoto woyera.

"Chanu ndi nambala fili. Chitsekochi muzichinyamula pang'ono, kenako n'kukankha ndi bondo. Amene anamanga nyumbayi kaya anali ataledzera."

Sanali ataledzera. Chaka chimenecho mvula inafulumira, mkazi wawo Esteri anali ndi pakati pa Janeti, ndipo anali atatopa kugona m'khitchini mwa apongozi. Thabwa louma panalibe nthawi yolidikira.

"Feremu yake ndi ya bulugamu wamuwisi," anatero a Lackson.

"Ndinu akalipentala?"

"Ayi. Ndangoona."

Anakhala pachikamwini m'mudzi umenewu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Masana ankagwira ntchito ya esiteti yotsegula ndi kutseka madzi pangalande, madzulo ndi Loweruka ankaumba njerwa ndi kulima m'minda ya akazi awo. Esteri atamwalira ndi matenda a shuga, anadikira chaka, kenako mlongo wake wa Esteri, a Morris, amene ndiye mwinimbumba, anasonkhanitsa abale n'kuwasudzula monga mwa mwambo. "Mwatitumikira bwino, alamu. Tsopano ndinu mfulu. Mukakwatire komwe mungafune." Anawauza zimenezi ali ndi imvi mutu wonse. Anatenga njinga, wailesi ndi khasu limodzi. Nyumba inatsala, poti nyumba imatsata dothi, ndipo dothi ndi la akazi. Janeti anali adakali pasukulu, choncho a Morris anati nyumba yaikulu chotero isangokhala, izilandira ogula nanazi ndi aphunzitsi osamutsidwa. Palibe analakwa. Bambo owabereka a Lackson nawonso anachoka chimodzimodzi m'mudzi momwe a Lacksonwo anabadwira. Chomwe chinkawawa kwambiri ndi chimenecho, kuti panalibe munthu womuloza chala.

Munthu wosudzulidwa salowa pabwalo la mbumba ngati sanaitanidwe. Choncho atasamba anatulutsa mpando n'kukhala pakhonde kuti awaone. Tsidya lina la ngalande, pomwe panali nyumba za abale a Esteri, utsi unali tolotolo. Amayi ankaphika thobwa m'migolo, anyamata akukhoma mitengo ya chisakasa. Amayi awiri otunga madzi anaima, wina n'kuphimba maso ndi dzanja.

"Kodi si a Nakoma amenewo? Mwafika liti?"

"Lero lomwe. Muli bwanji kumeneko?"

"Tili bwino, kaya inu?"

Anasenza zidebe n'kumapita. Ngalandeyo mwana wa zaka khumi amailumpha, ndipo pali thabwa loolokera, koma mpaka dzuwa kulowa palibe anaoloka.

Lachisanu m'mawa, Rosie atangowapatsa tiyi ndi mbatata, kunafika a Morris atavala gambutsi, makiyi akulira m'lamba.

"Alamu! Kapena ndiziti a kasitomala?"

"Mwadzuka bwanji, alamu."

"Tadzuka. Mwagona bwanji m'hotela mwathu? Nsikidzi sizinakulandireni? Rosie, abambowa uziwasamala, ndi mlendo wolemekezeka."

Rosie anatulutsa mutu pawindo la khitchini. "Kodi mumadziwana?"

"Uwafunse iwowa amene anaika chitseko cha nambala fili."

Mutu wa Rosie unabwerera mkati mwakachetechete. A Morris anakoka mpando, natenga mbatata imodzi m'mbale ya a Lackson n'kuyamba kusenda.

"Ndamva kuti mwabwera ndi suti."

"Ndabwera nayo."

"Mwachita bwino, pazithunzi muzioneka ngati munthu. Koma za kulowetsa mwana m'tchalitchi tinakambirana kale pambumba. Ndilowetsa ndine."

"Mwanayo ananena kuti…"

"Mwana! Mwana amanena zambiri. Ali wamng'ono ankati adzakwatiwa ndi dalaivala wa thirakitala." A Morris anaseka, nawagwira pabondo. "Alamu, tisaiwale. Tonde wobwereka akamaliza ntchito amabwerera kukhola kwawo. Sabweranso kudzawerenga ana a mbuzi."

Zaka zonse zija a Lackson sanayankhepo a Morris mawu obweza. Mkamwini amaphunzira kuyang'ana pansi asanaphunzire njira ya kudimba. Anayang'ana madzi a m'damu, pomwe mdala wina ankaponya mbedza kufuna makumba, nati, "Ndamva."

A Morris atachoka, tiyi anazizirira m'kapu. Koma pasanathe ola kunamveka belu la njinga. Anali a Bonface Mulewa, mkulu wa mpingo, amene anagwira nawo ntchito pa esiteti zaka zambiri. Iwowa anaolokera pathabwa njinga ili paphewa.

"Achimwene! Mwabwera mozemba ngati wakuba nanazi? Ndamva kwa amayi otunga madzi."

Anagwirana chanza nthawi yaitali. A Lackson anafotokoza zomwe a Morris ananena, ndipo a Bonface anapukusa mutu asanamalize n'komwe.

"Zimenezo akanene kudimba kwawo. Nkhaniyi tinaikamba kale pa seshoni ya akuluakulu a mpingo. Abusa athu atsopanowa ndi mnyamata koma saopa munthu. Anati bambo ngati ali moyo, ndi bambo. Za mbumba zinathera pachinkhoswe. M'tchalitchi mulibe mwinimbumba, achimwene. Ineyo ndinaimirira kawiri kukunenerani, mpaka a Morris anasiya kundipatsa moni."

"Ndiye abusa atero?"

"Atero. Fili koloko kuli kuyeserera. Mubwere msanga, musachite zanu zachikamwini zija zoima panja kudikira kuitanidwa."

A Bonface atapita, a Lackson anakhala kanthawi manja ali pamaondo. Kenako analowa m'chipinda, natulutsa suti, naiyala pabedi. Inali itakwinyika pamapewa.

"Mayi Rosie, muli ndi simbi?"

Rosie anabwera akupukuta manja pachitenje, osawayang'ana kumaso. "Bweretsani, ndisita ndine. Ndipepese nayo pakamwa pangapa. Amayi anga ankati ndidzafa ndi lilime." Anayang'ana sutiyo. "Ndiye mkwatibwi ndi mwana wanu? Wobereka nokha?"

"Anabadwira m'chipinda chomwe munandipatsachi."

"Ambuye Yesu," anatero Rosie, nanyamula suti ngati wanyamula khanda.

Janeti anabwera dzuwa lili paliwombo. Sanaolokere pathabwa la kumaso. Anazungulira kumunsi, nadzera kuseri kwa nyumba komwe kuli miyala yochapira, tsitsi lolukidwa theka atalifunda chitenje. M'manja munali kambale kovundikira. Rosie anakawaitana a Lackson, iye n'kukakhala kumaso.

Janeti anagwada patali pang'ono, naika kambale pamwala.

"Mwayenda bwanji, ababa?"

"Ndayenda bwino, mwanangu. Waonda."

"Ndi zochitachita. Ndakubweretserani kalongonda. Ndaphika ndekha kuyambira dzulo."

A Lackson anavundukula kambaleko, fungo n'kuwakumbutsa zambiri. Kalongonda, nyemba zazikulu zija, safuna waulesi. Amamwa madzi ndi nkhuni tsiku lathunthu asanaleke kuledzeretsa. Esteri yekha ndiye ankawaphikira.

"A Bonface anabwera," anatero akumwetulira. "Akuti abusa agamula. Usadandaule, ndakhala ndikuyeserera. Sindikupondera diresi."

"Ndamva. Amalume amvanso."

Madzi a m'ngalande ankadutsa pamiyala ndi kaphokoso kawo ka masiku onse. Janeti anatola kamtengo n'kuyamba kukanda pansi.

"Ababa, dimba la amayi lija."

"Latani?"

"Silinagawidwe. Lili m'manja mwa amalume. Sheila wa amayi aang'ono akulifunanso. M'mawa muno amalume anena pamaso pa anthu kuti akachititsidwa manyazi mawa, dimba lipita kwa Sheila, ndipo Ronald akafune kwina pomanga nyumba."

"Dimba limenelo ndinalitsegula ndine. Panali bango lokhalokha."

"Ndikudziwa."

"Mfuleni wotengera madzi ndinakumba ndine, miyezi iwiri, amayi ako akundibweretsera chinangwa."

"Ndikudziwa, ababa. Koma ntchito ya Ronald yothyola tiyi ndi ya miyezi ya mvula yokha. Chilimwe chonse tizidya chiyani? Inu Lamulungu mukwera kabaza. Ine nditsala pano."

Ananena mofatsa, maso ali pansi, ndi ulemu wonse. A Lackson anavundikira kambale kaja.

"Ndiye ukufuna ndipite lero?"

"Ayi! Mukapita anthu anena kuti ndakuthamangitsani. Ndipo mukakhalapo muli bwinobwino abusa sangalole amalume." Anaponya kamtengo kaja pansi. "Mukanene kuti mwendo. Kuti mwavulala, simungathe kuyenda mpaka kutsogolo."

"Mwendo wanga uli bwino."

"Ndikudziwa."

"Nzeru zimenezi akupatsa ndi amalume ako?"

"Ayi. Ndi zanga."

Zikanakhala za a Morris zikanapepukako. A Lackson anayang'ana mwana wawoyo, chipumi cha mayi ake, zala zazitali zotengera iwo. Anaona kuti sanagone, ndiponso kuti nkhaniyi anaiganiza mbali zonse monga munthu wamkulu, n'kupeza kuti pa zinthu zonse zomwe akanatha kutaya, chotayika mosavuta ndi bambo ake.

"Nanga unandiitaniranji?"

"Pa Disembala ndinkanena zoona."

Misozi inagwera pachitenje koma sanalire mokweza. A Lackson anafuna kunena zambiri. Anafuna kunena za usiku womwe anamubereka kumsana kupita naye kuchipatala cha mishoni ali ndi malungo, za yunifolomu, za njinga yomwe anamuphunzitsira m'mbali mwa damu. Koma zonsezo Janeti akanayankha kuti ndikudziwa, ndipo akanakhala akunena zoona.



"Mwendo uti?" anafunsa a Lackson.

"Ababa?"

"Wavulalawo. Uti?"

"Uliwonse."

"Ayi, unene ndiwe. Ndingasinthe mawa anthu n'kutiseka."

Janeti anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Wamanzere."

"Chabwino. Pita akamalize kukuluka."

Kuchokera ku resiti kukafika kutchalitchi ndi mtunda wa kilomita imodzi, njira yonse m'mbali mwa ngalande, pamaso pa mudzi wonse. A Lackson anayamba kutsimphina akadali pakhonde. Poyamba anapitirira muyeso, mpaka kuoneka ngati akuvina. Kenako anakumbukira momwe kapitawo wina ankayendera atagwa panjinga, kuponda ndi chala chachikulu n'kufulumira kusamutsa thupi, ndipo zinayamba kuoneka zenizeni. Rosie anaima pakhomo suti ili pamkono, pakamwa pali yasa.

Tsopano anthu anaoloka. Amayi omwe dzulo anapereka moni patali anasiya miphika n'kuthamangira pathabwa.

"Kalanga ine! Mwatani, a Nakoma?"

"Ndaterereka pamwala posamba."

"Inu? Munthu wa ngalande?"

"Ukalamba, mayi."

"Iii, pepani. Tsoka lake lomweli, mawa ukwati wa mwana! Mukathire madzi otentha ndi mchere."

Anawamvera chisoni kuyambira pamlatho mpaka pachigayo. Wina anawapatsa nzimbe. Wina anati pali munthu wawaponyera zoipa, ndipo anayang'ana kunyumba kwa a Morris. A Lackson anati ayi, ndi mwala basi, ndere zachuluka chaka chino.

M'tchalitchi munali kwaya, atsikana operekeza mkwatibwi, Ronald mkwati ataima mowongoka ngati msilikali, Janeti, a Morris atakhala pabenchi manja atapinda, ndi abusa, mnyamata wamagalasi. A Bonface anawaona akulowa, nkhope n'kugwa.

"Achimwene, chachitika n'chiyani? M'mawa munali bwino."

"Ndaterereka." Anatembenukira kwa abusa. "Abusa, ndabwera kudzapepesa. Mwanayu sindingathe kumulowetsa. Amulowetse amalume ake."

Abusa anavula magalasi. "Pepani kwambiri, bambo. Koma musafulumire. Kuchokera pakhomo kufika pano ndi mapazi makumi awiri okha. Muyenda pang'onopang'ono, kwaya ibwereza nyimbo kawiri, ngakhale katatu. Eti a kwaya?"

"Ngakhale kanayi!" anayankha mtsikana wina, ena n'kuseka.

Izi a Lackson sanaziyembekezere. Ankaganiza kuti anama kamodzi basi.

"Sindingathe, abusa."

"Mwafika bwanji kuno?"

"Movutika. Pofika mawa ukhala utauma."

"Kapena tichite chonchi," anatero abusa, mtima wabwino ukuwatsogolera. "Mukhale pampando kutsogolo kuno. Mwana alowe ndi anzake. Ndikafunsa, inu mungoyankha muli chikhalire. Pakamwa sipanavulale."

A Lackson anamva maso a Janeti pamsana pawo ngati dzuwa. Lisanafike tsikuli anali asananamepo m'nyumba imeneyi, momwe anabatizitsira mwana yemweyu ndi momwe analowetsa bokosi la Esteri.

"Mwana asalowe yekha ngati wamasiye," anatero. "Womugwira mkono ndi amene ayankhe. Amalume ake alipo."

A Bonface anagwada, nakweza mwendo wa thalauza la a Lackson, nakanikiza pakakolo ndi chala. Anayang'ana mwendowo, kenako anayang'ana mwini wake.

"Sunatupe."

"Ndi za mkati."

A Bonface anaimirira pang'onopang'ono, nasasa fumbi pabondo. "Ndinaimirira kawiri pa seshoni," ananena motsitsa, kuti amve awiri okha. Sanadikire yankho. Anapita kukakhala kumbuyo, pafupi ndi ng'oma.

Apo a Morris anadzuka, nkhope yodzaza chifundo. Kaya anakhulupirira kaya ayi, palibe akanadziwa. Anatuma munthu kunyumba, ndipo posakhalitsa kunabwera ndodo yakuda yosema bwino, ya mutu wopindika.

"Inali ya malemu atate. Tengani, alamu, muziyendera. Ifetu ndife anthu amodzi."

A Lackson analandira ndi manja awiri.

Anakhala pabenchi n'kuonerera kuyeserera. A Morris ankayenda ngati akuthamangira minibasi pa Nkando, Janeti akukokeka pambali pawo. Mtsogoleri wa kwaya anawabweza katatu. Kachitatuko milomo ya a Lackson inayamba kugwedera yokha, phazi limodzi lidikire linzake, koma anaigwira ndi dzanja ngati akutsokomola.

Loweruka kunacha bwino, phiri likuoneka lonse popanda mtambo. Resiti inadzaza abale a Ronald ochokera ku Phalombe, akulimbirana madzi otentha ndi galasi limodzi la pakhonde. Suti inawakhala bwino a Lackson. Rosie anali ataisita mpaka mizere ya thalauza kuthwa ngati mpeni. Anatuluka msanga ndi ndodo yawo kuti asachedwetse anthu panjira.

Anawaikira mpando kutsogolo, chakukhoma, pomwe amakhala odwala ndi okalamba. Kwaya inayamba, anthu anaimirira, nthungululu zinamveka pakhomo. Iwo sanaimirire, poti wovulala saimirira. Anaona Janeti pokhapokha atafika kutsogolo, kudzera pakati pa misana ya anthu: diresi loyera, velo, dzanja lake lili pamkono wa jekete la a Morris. Anali wokongola kuposa momwe ankamuganizira kuseri kwa nyumba ku Nkando.

"Akupereka mwanayu ndani?" anafunsa abusa, ndipo maso awo anapita kaye kukhoma kuja asanabwerere.

"Ndine!" anatero a Morris, mawu mpaka kumveka panja.

Zinatha msanga chotero. Zotsalazo a Lackson anazimva ngati wailesi ya nyumba yoyandikana.

Potuluka, akwati anaima pakhomo kulandira moni. Anthu anapatukira munthu wa ndodo kuti adutse. Ronald anagwira dzanja lawo ndi manja awiri, akuwerama. Janeti anagwada pang'ono monga diresi linamulolera. Amayi a m'mudzi anali atazungulira, akumvetsera.

"Mwendo uli bwanji, ababa?"

Anafunsa akuyang'ana mwendowo.

"Uli bwinoko, mwanangu. Ukhale bwino ndi amuna ako."

"Alamu!" anafuula a Morris ali pakati pa anthu, thukuta lili kamukamu. "Kumadyerero mubwere! Takuikirani mpando pamthunzi!"

Ndiko kuitanidwa komwe anakudikira kuyambira Lachinayi. Anakweza ndodo kusonyeza kuti amva.

Gulu linatsika ndi ngalande likuvina, ng'oma patsogolo, akwati pakati pansi pa ambulera, ana akuthamanga m'mbali mwa madzi. A Lackson ankadziwika kale ndi kuvina pamaukwati. Esteri ankachita kuwakoka malaya kuti akhale pansi. Lero anatsalira kumbuyo, kuponda ndi chala chachikulu, kusamutsa thupi, mpaka gulu linaolokera tsidya lina iwo n'kupitirira okha ku resiti.

Kunali zii. Alendo onse anali kumadyerero. Rosie yekha anali pakhonde akuchapa makapu.

"Mwabwerera? Kumeneko kuli mpunga ndi nyama ya mbuzi."

"Ndikupita kwathu."

"Si munati Lamulungu?"

"Ndasintha."

Analowa mkati akutsimphinabe. Rosie anawatsatira mpaka pakhomo la chipinda.

"Bambo, muno mulibe munthu. Yendani bwinobwino."

"Mawindo alibe makatani."

Anavula suti, naipinda, naika m'chikwama. Kambale ka kalongonda kanali pawindo chivundikirire. Anapempha Rosie kuti adzakabweze kwa mwini wake, ndipo kalongondayo adye yekha ngati sanasase. Rosie ananyamula chikwama nati awaperekeza, poti munthu wa ndodo sasenza katundu anthu akuona.

Anayenda m'mbali mwa ngalande. Tsidya lina zokuzira mawu zinali zitayamba, wina akuitana a kuchikazi kuti abwere kutsogolo adzavine. Pamlatho wa matabwa panali kabaza mmodzi pansi pa mtengo wa bulugamu. Rosie anamangirira chikwama pakaliyala, a Lackson nakwera mosamala, mwendo wamanzere pomalizira. Atakhazikika anapereka ndodo kwa Rosie.

"Ndikawapatse a Morris?"

A Lackson anayang'ana kumudzi kuja, kudimba komwe kabichi anali atayamba kukulunga, kenako pamalo opanda kanthu pafupi ndi dimbalo pomwe Ronald adzaumbe njerwa zake.

"Ayi. Muisunge ku resiti konko, kuseri kwa chitseko. Akadzabadwa mwana mwina adzandiitana. Anthu akuno saiwala mwendo."

Rosie anaikumbatira ndodoyo pachifuwa.

"Tiye, mphwanga," anatero a Lackson kwa wakabaza.